Nkhuku zitatu kuseri kwa nyumba ku Highfields

Unali mwezi wa Malichi 2024, madzulo aja amene makolo timaitanidwa kusukulu kukaona makope a ana. Aphunzitsi a mwana wanga wachisamba, mayi aulemu ndithu, anandikhazika pa kampando ka ana n'kundiuza mosapita m'mbali kuti mnyamatayo akutsalira pa masamu. Anati si wogona ayi, kuwerenga amatha bwino, koma akangoona funso la masamu lokhala ndi mawu ambiri amangoti kakasi, pensulo ili m'kamwa. Anali mu Year 5, ndiye kuti mayeso a SATs, aja amalemba mu Meyi akafika Year 6, sanali patali.

Tikubwerera kunyumba kudzera mu Melbourne Road ndinamufunsa kuti vuto n'chiyani kwenikweni. Anandiyankha m'Chingerezi, monga amachitira masiku onse, kuti masamu a kusukulu ndi nkhani za anthu osaoneka, ogula mavwende 40 popanda chifukwa. "Ndikalakwitsa palibe amene amafa, Mami," anatero. Ndinaseka, koma mumtima mukuwawa.

Ndisakunamizeni kuti ndinakhala pansi n'kuganiza kuti mankhwala ake ndi nkhuku. Nkhani ya nkhuku inabwera ndi mlongo wake, amene panthawiyo anali ndi zaka 7. Lamlungu lina tikucheza pa WhatsApp ndi mayi anga ku Ntcheu, thadzi linadutsa kumbuyo kwawo ndi anapiye ake. Mtsikana anafunsa kuti agogo anagula tianapiyeto ku shopu iti. Mayi anga anayamba akhala chete, kenako anati: "Iwe, mwana wosadziwa kumene mwanapiye amachokera, mukumulera bwanji kumeneko?" Mawu amenewo anandilasa. Ine ndinakula ndikutsegulira nkhuku m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu, ndipo ulimi unali phunziro lolemba mayeso ngati masamu. Ana anga ankangodziwa dzira la m'katoni basi.

Kalata kwa eni nyumba

Amene mumadziwa Highfields mukudziwa nyumba zake: zanjerwa zofiira, zogundana khoma ndi khoma msewu wonse, zambiri zomangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Kuseri kumakhala kabwalo kozunguliridwa ndi khoma, koti munthu wa kumudzi angati ndi poyanikira mbale. Nyumba yathu ndi ya lendi, choncho ndinawauza ana kuti nkhuku sizibwera mpaka alandilodi avomere, ndipo kalata yopempha alembe okha.

Kalata yoyamba inali ya mizere itatu: tikufuna nkhuku chifukwa n'zokongola, chonde tiloleni. Abambo awo anaiwerenga n'kufunsa funso limodzi lokha: "Kodi mwini nyumba amaopa chiyani?" Ana anayamba kutchula: makoswe, fungo, phokoso, aneba kukadandaula ku khonsolo. Kalata yachiwiri inayankha nkhawa iliyonse payokhapayokha. Chakudya chizikhala mu bini yachitsulo yovindikira. Zitosi zizichotsedwa m'mawa uliwonse. Khola silikhomeredwa kukhoma la nyumba. Ndipo tambala sadzakhalapo. Kusukulu amawaphunzitsa kalembedwe kokopa munthu kuti avomereze maganizo ako, koma aka kanali koyamba kulembera munthu amene akanatha kukanadi. Mnyamata anafufuza yekha kalembedwe ka mawu awiri amene ankakayikira, chinthu chimene sanachitepo pa homuweki.

Za tambala zinawaseketsa kwambiri agogo. "Khola lopanda tambala? Nanga kukacha mudzadziwa bwanji?" Ndinawafotokozera kuti kuno tambala akamalira m'bandakucha n'kusowetsa aneba tulo, khonsolo ili ndi mphamvu, pansi pa lamulo la 1990 lokhudza za malo okhala, yokulembera kalata yoti phokosolo lithe, ndipo ukanyozera umalipira chindapusa. Iwo anangoti: "Dziko la eni limenelo."

Patatha sabata alandilodi anavomera. Ana analembanso timakalata tiwiri n'kuponya pa zitseko za aneba a mbali zonse, kulonjeza mazira.

Mamita anayi amene anasowa

Pa holide ya Pasaka tinayamba kumanga. Tinagwirizana kuti kanyumba kogonamo kakhale ka matabwa a mapaleti, mkati mwa mpanda wa mamita 3 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi. Tinasankha waya wokhuthala, wowotcherera pamphambano iliyonse, chifukwa waya wofewa uja timati wa nkhuku amatsekereza nkhuku kutuluka koma nkhandwe imamudula ndi mano. Ndinamupatsa mnyamata tepi yoyezera n'kumuuza kuti: "Uwerengere wekha waya wozungulira mpanda. Chimene unene ndicho ndigule."

Anachulukitsa 3 ndi 2 n'kupeza 6. Ndinaona cholakwikacho, abambo ake anachionanso, koma tinatsinana pansi pa tebulo. Tinakagula mamita 6. Tinakhoma mbali yaitali, tinakhoma yaifupi, titangoyamba mbali yachitatu waya anatha. Mnyamata anayima n'kuyang'ana mpata umene unatsala, waukulu woti mbuzi n'kudutsa. Kenako anayenda kuzungulira mpandawo akuwerenga chamumtima. "Ndi 10," anatero. "6 ija ndi ya pansi." Kusiyana kwa perimeter, kutalika kozungulira chinthu, ndi area, kukula kwa malo a mkati mwake, anayamba kuwaphunzitsa ali mu Year 4, koma kunali kusanakhazikike m'mutu. Ulendo wachiwiri wa ku shopu anasenza yekha mamita 4 otsalawo mu basi, anthu akumuyang'ana. Kuyambira tsikulo sanasokonezenso.

6 uja anadzagwira ntchito pa denga. Tinafolera ndi malata apulasitiki, ndipo anayenera kupeza kuti afunika angati kuti aphimbe malo onsewo, kuphatikiza posanjikiza ndi potsetsereka kuti madzi amvula azitsika. Denga silinali la ulemu chabe. Kuyambira pa 7 Novembala 2022 mpaka mu Epulo 2023, boma linalamula kuti nkhuku zonse mu England, ngakhale za kuseri kwa nyumba, zitsekeredwe chifukwa cha chimfine cha mbalame, chimene chimafala ndi zitosi za mbalame zakutchire. Lamulo lotere likhoza kubweranso chaka chilichonse kukayamba kuzizira, ndiye tinafuna kukhala okonzeka.

Panalinso tsiku limene chitseko chinkangopendekeka ngakhale tikhome misomali ingati. Abambo awo anatenga kathabwa n'kukakhoma chopingasa, kuchokera pakona ya m'munsi kufika ya m'mwamba. Chitseko chinati nji. Mtsikana, amene anali mwini wa pulani ndi penti, anayamba kuona makona atatu paliponse: pa mageti a ku Spinney Hill Park, pa madenga a nyumba, pa njinga ya mchimwene wake.

Nadazi, Vardy ndi Bisiketi

Nkhuku tinazipeza mu Meyi kudzera ku bungwe la British Hen Welfare Trust. Bungweli linayamba mu 2005, ndipo limatenga nkhuku zoikira za m'mafamu akuluakulu zikakwana masabata pafupifupi 72, pamene zayamba kuchepetsa mazira ndipo eni ake akufuna kuzipha, n'kuzipezera mabanja oti azisunge. Mu 2024 linakwanitsa nkhuku 1 miliyoni. Zathu tinakazitenga pafamu ina kunja kwa mzinda, m'makatoni oboola.

Titazitulutsa, mtsikana analira. Zinali zothothoka nthenga m'khosi ndi kumsana, malipombo otuwa ogwera mbali imodzi. Zinayima malo amodzi, zosadziwa ngakhale kupalasa. Agogo ataziona pafoni anaomba m'manja: "Nkhuku yoweta sagula pamsika, paja akuluakulu anatero. Mwatenga nkhalamba zadazi!" Yothothoka kwambiri anaitcha okha Nadazi. Yothamanga mnyamata anaitcha Vardy, dzina la wosewera wotchuka amene panthawiyo ankasewerera Leicester City. Yofiirira mtsikana anati ndi Bisiketi.

Kenako agogo anafunsa funso limene ndinkaliopa: "Nanga mlendo akabwera, mumugwirira iti?" Ana anayang'anana. Ndinawafotokozera kuti kwathu kuphera munthu nkhuku ndi ulemu waukulu, ndipo nthutumba sapatsa munthu wamba. Kwa agogo ndinafotokoza kuti nkhuku izi amazipereka kuti zikapume, zife ndi ukalamba. Mbali zonse ziwiri zinaona ngati inayo yapenga. Madzulo amenewo tinakamba nkhani yaitali, kuti nkhuku imene timagula kubutchala mu Evington Road nayonso inali ndi nthenga ndi maso. Mtsikana anakana nyama ya nkhuku masabata awiri. Sindinamukakamize. Anadzayambiranso yekha, koma masiku ano sasiya nyama pafupa, akuti n'kupanda ulemu kwa nkhukuyo.

Sayansi inayamba yokha. Lamlungu lililonse mtsikana ankajambula Nadazi ndi foni yanga, ndipo pomatha miyezi iwiri nthenga zinali zitamera, lipombo litafiira n'kuyima. Anafunsa chifukwa chake tikuzipatsa timiyala, n'kuphunzira kuti nkhuku ilibe mano: chakudya chimayamba chasonkhana m'chithokomiro, kenako nthutumba imachipera ndi timiyalato ngati mphero. Nadazi ataikira dzira lofewa ngati chikopa, tinawerenga kuti chigoba cha dzira ndi calcium carbonate, m'bale wake wa choko ndi laimu, ndipo tinayamba kuzipatsa zigoba za nkhono za m'nyanja zoperapera. Mnyamata anaviika dzira mu viniga. Linatulutsa thovu, ndipo patatha masiku awiri chigoba chonse chinasungunuka, dzira n'kutsala ndi kachikopa koonekera mkati.

Mnyamata ndiye ankasunga buku la mazira. Patatha milungu ingapo anabwera kudzandiuza kuti wapeza chinsinsi: Bisiketi amaikira mochedwerapo tsiku lililonse, kenako amadumpha tsiku limodzi n'kuyambiranso m'mawa. Tinafufuza limodzi. Dzira limatenga maola opitirira pang'ono 24 kuti lipangike m'thupi mwa nkhuku, ndiye nthawi yoikira imasuntha mpaka madzulo afika, thupi n'kudikira kuwala kwa tsiku lina. Palibe amene anamuuza kuti afufuze. Anaziona yekha m'manambala amene analemba ndi dzanja lake.

Masabata atatu a agogo

Funso lalikulu la mtsikana linali lakuti anapiye aswa liti. Ndinamuuza kuti nkhuku imaikira ngakhale popanda tambala, koma dzira lotero silingaswe. Anakhumudwa. Apa ndi pamene agogo analowererapo. Thadzi lawo lina linali litangoyamba kufungatira mazira 12 m'dengu kuseri kwa chitseko cha khitchini. Anamuitana mnyamata monga amamuitanira nthawi zonse: "Amuna anga, muwerenge masabata atatu kuyambira lero."

Mnyamata anatsegula kope lake la sayansi, pamene anaphunzira za moyo wa mbalame kuyambira kudzira. Munalembedwa masiku 21. Anandiyang'ana modabwa. Agogo ake analekezera sukulu Sitandade 3, ndipo kalendala sagwiritsa ntchito. Tinapachika pepala pa filiji, ana n'kumachonga tsiku lililonse. Pa tsiku la 21 lenileni kunabwera kanema wochokera ku Ntcheu: tianapiye 9 tili piyopiyo pansi pa mapiko. Mazira atatu anasukusa. Abambo awo sanalole mwayi kudutsa: 9 pa 12 ndi gawo lanji? Mnyamata anayankha asanameze phala: magawo atatu mwa anayi, 75 pa 100 aliwonse.

Chimene sindinayembekezere ndi Chichewa. Ana anga amamva koma sankayankha. Tsopano panali nkhani yoti akambe ndi agogo awo, ndipo agogowo Chingerezi alibe. Mtsikana anayamba kabuku ka mawu: thadzi, msoti, tambala, mwanapiye, kuikira, kutetera, kupalasa, kufungatira, utitiri. Mawu amenewa sangawaphunzire kwa ine pokonzekera sukulu m'mawa, pamene Chichewa changa chimathera pa "fulumira" ndi "vala jekete". M'mawa wina ndinamva mnyamata pabwalo akujambula uthenga wa mawu, lilime likupunthwa: "Agogo, nkhuku yanga yaikira. Ikutetera kwambiri." Ndinabisala kukhitchini kuti asandione nkhope.

Mkute, lamulo ndi mapu

Kwathu nkhuku imadya mkute, makoko a mumphika, madeya ndi chilichonse chogwa pamphasa. Kuno ayi. Ndi mlandu kupatsa nkhuku zotsala za m'khitchini mmene mumaphikidwa nyama kapena zamkaka, ngakhale nkhukuyo ikhale imodzi ya kuseri kwa nyumba. Mnyamata sanakhulupirire, ndipo anakafufuza chifukwa chake. Mu 2001 ku Britain kunabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene anayambira pafamu ya nkhumba ku Northumberland kumene ankadyetsa nkhumba zakudya zotsala zosawiritsa. Ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa. Anaphunzira kuti lamulo looneka lachibwana nthawi zambiri limakhala ndi maliro kumbuyo kwake.

Kunabweranso lamulo lina. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024, aliyense woweta nkhuku mu England ayenera kulembetsa ku APHA, nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto ndi zomera. Kale ankalembetsa okhala ndi nkhuku 50 kapena kuposa, pano ngakhale imodzi. Ndi zaulere, ndipo zimachitika pa intaneti. Fomu tinalemba ndi mnyamata, iye akuwerenga mafunso mokweza, ine ndikungovomera.

Agogo atamva za matenda anatiuza za chitopa, chimene chimasesa makola kumudzi nyengo yotentha, ndi za katemera wodonthezera m'diso. Mnyamata anafunsa dzina la chitopa m'Chingerezi. Nditamuuza kuti ndi Newcastle disease, anaganiza kuti ndikuseka. Dzinalo linachokeradi ku Newcastle upon Tyne, kumpoto kwa England, kumene matendawa anaoneka n'kufufuzidwa m'zaka za m'ma 1920. Tinatulutsa mapu. Tinaika chala pa Newcastle, pa Ntcheu, kenako kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, kwawo kwa nkhuku yakutchire imene ndi kholo la nkhuku zonse zoweta. Ndinawauza za nkhuku zakuda zija timati za Mikolongwe, potengera malo a boma oweterako ziweto ku Chiradzulu. Mtundu wake ndi Black Australorp, wochokera ku Australia, ndipo makolo ake ndi nkhuku za Orpington za ku Kent, konkuno ku England. Mtsikana anajambula mizere pamapu n'kunena kuti nkhuku zayenda kuposa ife.

Mbiri ina inali kuseri kwa khoma lathu lenileni. Aneba athu a kudzanja lamanja ndi bambo achikulire achimwenye amene kwa zaka zinayi tinkangopatsana moni wa Chingerezi. Mtsikana atawapititsira mazira asanu ndi limodzi oyamba, anamva ine ndikumuitana m'Chichewa. Anasuzumira pakhoma n'kunena kuti: "Zikomo kwambiri, mayi. Kumudzi n'kuti?" Ndinatsala pang'ono kugwetsa ndowa. Anabadwira ku Malawi, bambo awo anali ndi sitolo pa kamsika kena m'chigawo cha kum'mwera. M'zaka za m'ma 1970, boma la Dr. Banda linalamula amalonda achimwenye kuchoka m'madera akumidzi kuti azichitira malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, ndipo mabanja ambiri anasamukira kuno ku Leicester, ena mu Highfields momwe muno. Tsiku lina anabweretsa kandalama kakale ka 1 tambala, kokhala ndi chithunzi cha tambala. Anawafotokozera ana kuti kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971 kulowa m'malo mwa mapaundi, ndi chifukwa chake dziko longolandira ufulu linasankha mayina a kucha kwa tsiku ndi mbalame yolengeza kuchako. Ana anamvetsera ngati nthano.

Nkhandwe

Tsopano ndifike pamene pamandivuta kulemba. Sukulu itatsegulira mu Sepitembala tinakhazikitsa ndondomeko: ana akaweruka azitsegulira nkhuku kuti zipalase pabwalo, ndipo tikatha kudya nsima, 7 koloko madzulo, mnyamata azikatseka khola. Panthawiyo 7 koloko kunkakhala kukungoyamba kuda. Pepala la ndondomeko linakhala pa filiji, osasintha. Koma dzuwa linkasintha. Pa 27 Okutobala mawotchi anabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, ndipo kumayambiriro kwa Novembala dzuwa linkalowa cha m'ma 4:30. Nkhuku zinkalowa zokha kukagona, chitseko n'kukhala pululu mumdima maola awiri ndi kuposa.

Lachinayi lina, ndili kuntchito, nkhandwe inalumpha khoma. Aneba aja anamva kukuwa kwa nkhuku n'kumenya chivindikiro cha bini, abambo a ana n'kuthamangira panja. Nadazi ndi Bisiketi anapulumuka. Vardy anapita, anangosiya nthenga mpaka pamwamba pa khoma. Timu ya mzinda uno amaitcha Nkhandwe, ndipo chithunzi cha nkhandwe chili pa juzi imene mnyamata amaikonda kwambiri. Anaivula usiku womwewo.

Nditafika ndinamupeza atakhala pa masitepe. Anati: "Mami, ndinalakwitsa ndipo wina wafa." Ndinakumbukira mawu ake a mu Melbourne Road, koma sindinamukumbutse. Ndinamuuza zoona: iye anatsata pepala, ndipo ife akuluakulu ndife tinayenera kuona kuti pepalalo latha ntchito. Agogo anamuimbira m'mawa mwake. Sanamunyengerere. Anati: "Amuna anga, woweta aliyense analirapo. Ine kabawi anandilanda anapiye anayi mwezi watha. Walira mvula walira matope. Katsekeni khola."

Loweruka limenelo anatenga pepala lalikulu n'kulemba nthawi yolowa dzuwa ku Leicester sabata iliyonse ya chaka, n'kujambula mzere. Unatsika mpaka isanakwane 4 koloko mu Disembala, n'kukwera mpaka cha m'ma 9:30 usiku mu Juni. Anafunsa chifukwa chake agogo alibe vuto limeneli. Abambo ake anatenga lalanje ndi tochi, n'kupendeketsa lalanjelo monga dziko limapendekekera ndi madigiri 23.5. Ku Leicester usana umatalika pafupifupi maola 17 mu Juni, mu Disembala osakwana maola 8. Ku Ntcheu, kufupi ndi pakati pa dziko, umangosewera pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse. N'chifukwa chake agogo amatseka khola nthawi yofanana kuyambira ali mtsikana. Mzere womwewo unafotokozanso chifukwa chimene mazira anachepera m'nyengo yozizira: nkhuku imafuna kuwala kwa maola 14 kuti iziikira bwino. Anaika mzere wa mazira pansi pa mzere wa dzuwa, ndipo inkakwera n'kutsika limodzi. Pepalalo anapita nalo kusukulu, aphunzitsi n'kulipachika kukhoma.

Dzira limodzi ndi ndalama zingati?

Ngati mukuganiza zoweta kuti mupulumutse ndalama, mverani masamu a mwana wanga. Khola linatidyera mapaundi 180. Nkhuku imodzi imadya magalamu pafupifupi 120 patsiku, zitatu 360, ndiye thumba la makilogalamu 20 linkatha masiku 55. Tinkaligula mapaundi 14. M'chilimwe tinkatola mazira 15 pa sabata, pafupifupi 118 pa thumba, kutanthauza mapeni 12 dzira limodzi. Kusitolo tinkagula asanu ndi limodzi pa £1.80, mapeni 30 lililonse. Phindu ndi mapeni 18. Kuti ndalama ya khola ibwerere pafunika mazira 1,000, ndipo apo sitinawerengere utuchi ndi mankhwala a utitiri. Anamaliza n'kulengeza patebulo kuti bizinesi ya banja lino ndi yoluza. Abambo ake anati iwo aona phindu kale, chifukwa amene akulengezayo ndi yemwe uja ankatafuna pensulo.

Kwa amene mukufuna kuyesa, zochepa zimene taphunzira ndi izi. Yambani ndi alandilodi ndi aneba, musanagule thabwa. Ngati kabwalo kanu n'kochepa, funsani za kadimba kobwereka ku khonsolo kapena ku magulu a madimba: lamulo la 1950 limalola kusunga mathadzi m'madimba otere malinga si zamalonda, koma malo alionse ali ndi malamulo akeake, ndiye funsani kaye. Nkhuku imodzi yokha imasungulumwa, yambani ndi zitatu. Lembetsani ku APHA. Mukamapita kumudzi pa holide, pezeranitu munthu wotsegula ndi kutseka. Ndipo ntchito muwasiyire anawo, ngakhale mukuona kuti akulakwitsa, malinga cholakwacho n'chongotayitsa ndalama ya basi. Cholakwa choika moyo wa chiweto pachiswe, chimenecho n'chanu akuluakulu kuchiyang'anira. Ife tinaphunzira mochedwa.

Mayeso a SATs analemba mu Meyi 2025, ndipo zotsatira zitatuluka mu Julayi anali atadutsa mzere wa 100 umene boma limayembekezera pa masamu. Sindinganene kuti ndi nkhuku zokha. Aphunzitsi ake anamuthandiza kwambiri, ndipo abambo ake anakhala naye patebulo madzulo ambiri. Chimene ndikudziwa n'chakuti akapeza funso lalitali masiku ano, amayamba wajambula chinthucho pambali, ngati mmene anayendera kuzungulira mpanda uja.

Pano ali kusekondale. Nadazi wakalamba, amaikira kamodzi kapena kawiri pa sabata. Agogo akaimba amayamba ndi kufunsa kuti: "Nadazi akadalipo? Kuno akanakhala ndiwo kalekale." Mtsikana amawayankha m'Chichewa kuti ayi Agogo, ameneyu ndi wapabanja. Pepala la dzuwa likadali pa filiji, lathimbirira ndi mafuta. Dzulo ndikusenda anyezi ndinamva mnyamata akutsika masitepe mothamanga, akuyang'ana wotchi. Ndinamufunsa kuti akupita kuti opanda jekete.

"Dzuwa likulowa 4:12, Mami. Ndikukatseka."